Phulusa la Panazale

Moto wa mapesi unali kuthetheka panazale, utsi uli tolotolo, koma Levison sanali kuuyang'ana n'komwe. Maso ake anali pa phiri la Kasungu, limene m'mawa umenewo linkaoneka ngati lasendera pafupi mwadala kuti limupute. Linali Loweruka, tsiku limene gulu la zachilengedwe la kusukulu kwawo linapangana kukakwera phirilo mpaka pansonga. Anzake anali atayamba kale kusonkhana kumsewu kudikira lole. Iye anali kudambo, mapazi ali mbuu, kulondera mapesi.

"Ukuyang'anitsitsa kuphiriko ngati unasiyako mkazi," anatero mayi ake, a Maliya, uku akumanga mpango kumutu. "Yang'ana moto."

"Mayi, anzanga andisiya."

"Akusiye. Ine ndinabadwa n'kulipeza pomwepo phirilo, ndipo sindinamvepo kuti lasamuka."

Levison anali Fomu 2, msinkhu uja mwana amadziwa zonse za m'dziko kupatula pamene wasiya chipewa chake. Anangotulutsa mlomo n'kukankha phesi limodzi ndi khasu.

Kwa amene simunalimepo fodya, ntchito yake ili motere. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, ndipo ndi yaulesi, siilimbana ndi udzu. Choncho usanafese umaunjika mapesi a chimanga pamabedi a nazale n'kuwotcha, kuti mbewu za udzu ndi tizilombo ta m'nthaka zife. Umawotcha m'mamawa mphepo isanadzuke, utalambula m'mbali monse. Ndipo woyatsa motowo sachoka mpaka utafa.

Tsiku lina lililonse a Maliya akanadikira okha. Koma tsiku limenelo kunali msonkhano wa makuponi a feteleza pabwalo la tchalitchi, kutsidya kwa dambo, ndipo mudzi wonse unali kupita kumeneko. Aliyense ankadziwa kuti pankhani ya makuponi, ukatuma mnzako kuti akakuyankhire, dzina lako limadyedwa ndi chiswe.

A Maliya anali ndi chifukwa chothamangira. Kumtunda kwa nazale kunkayambira munda wawo, ndipo kumapeto kwa mundawo, kuseri kwa nyumba, kunali nkhokwe. Nkhokwe imeneyo inali itadzaza mpaka denga kukhala chopendekeka, koyamba chibadwire Levison. Zinali zotsatira za matumba awiri a feteleza wa kuponi ya chaka chatha, kuphatikizapo msana wa a Maliya. Zaka za m'mbuyomo ankafika Januwale akudya gaga, ndipo chaka china anadyapo zitsa za nthochi. Levison ankazikumbukira bwino zimenezo. Bambo ake anali ku Joni, kumene ankatumiza moni wambiri ndi katundu wochepa. Ndiye m'mawa uliwonse a Maliya ankayamba aisisita nkhokweyo ngati ng'ombe yamkaka asanapereke moni kwa munthu.

"Tamvera," anatero atanyamuka. "Moto ukatsika, uthire madzi. Ukathira, upondeponde bedi lililonse ndi phazi lako lenileni, lopanda kanthu. Phulusa likakhala lozizira, pita kuphiri kwakoko. Likakhala lofunda, khala pansi. Phulusa lili ngati mkamwini watsopano: pamaso kufatsa, m'kati moto."

"Ndamva, mayi."

"Wamva ndi khutu liti?"

"Onse awiri."

Anamuyang'ana kanthawi, kenako analowa kanjira kodutsa dambo.

Mpango wawo utangobisika m'bango, Levison anathamangira kuchitsime. Anakhula mapazi ndi mwala mpaka zidendene kuyera. Pachitsamba anali atabisapo jumbo, ndipo m'jumbomo munali malaya ochapa ndi nsapato zoyera zimene bambo ake anatumiza. Nsapatozo zinali zisanalaweko dothi la Kasungu. Ankazisungira tsiku lomwelo, chifukwa m'gulu la zachilengedwe munali Vailet, mtsikana wa m'kalasi mwake, amene akaseka, Levison ankaiwala ndi mfunda wake womwe.

Atavala zonsezo, anabwerera panazale n'kupeza malawi atatsika, mabedi ataphimbika ndi phulusa lotuwa. Anatunga madzi m'kheni n'kuwaza pamwamba, natunganso n'kuwazanso. Phulusa linalira kuti tsii, nthunzi n'kukwera. Pomwepo kumtunda kunamveka belu la njinga. Anali Alick, mnzake wokhala naye desiki imodzi.

"Aise, lole yafika! Madamu ati wochedwa akakwera chulu cha kwawo!"

Levison anayang'ana phulusa, n'kuyang'ana nsapato. Kuvula, kuponda, kukasambanso, kudikira mapazi aume, kumanganso zingwe: lole iti imene ingadikire zonsezo? Anatambasula mwendo n'kuponda pakati pa bedi loyamba, nsapato ili kuphazi. Anakanikiza kanthawi. Sanamve kutentha kulikonse. Anapukuta m'mbali mwa nsapatoyo ndi udzu.

"Lazizira," anadziuza. Ndipo kuponda anapondadi, palibe akanamutsutsa. Anathamanga n'kudumphira pakaliyala.

Lole inawatsitsa patsinde pa phiri dzuwa lisanakwiye. Wowatsogolera anali Madamu Kumwenda, mphunzitsi wa ku Mzimba, wamfupi koma woyenda ngati akuthamangitsidwa. M'khosi anakoleka magalasi oonera patali, obwereka, ndipo anachenjezeratu kuti wowagwetsa adzakhala akusesa sukulu mpaka kumera imvi.

Unali mwezi wa Seputembala, nthawi ija mitengo imachita zodabwitsa. Mvula kulibe, nthaka ili gwa, udzu wauma kuti gwaa, koma mitengo ya tsamba ndi mombo imangoyamba kutulutsa masamba anthete, ena ofiira ngati magazi, ena ngati mkuwa, ena ngati uchi. Kumusi kuchigwa mitengo yotere inatha kale, inapita kuzigafa zoumitsira fodya ndi ku mauvuni a njerwa. Kuno kuphiri inalipo, ndipo dzuwa likawala kudzera m'masambamo, munthu umayenda ngati uli m'tchalitchi cha mawindo amitundumitundu. Nyenje zinali zitayamba kulira apo ndi apo.

Poyamba ana ankaimba. Alick anali patsogolo kudzitama kuti iye phiri ili akhoza kulikwera atasenza thumba la feteleza. Njira itayamba kuimirira, nyimbo inatha yokha. Posakhalitsa anamupeza Alick atakumbatira mtengo, lilime lili panja.

"Thumba lija walitula pati?" anafunsa Vailet.

"Ndikuphunzira za khungwa," anayankha Alick mwabefu. "Si gulu la zachilengedwe ili?"

Anadutsa pakati pa miyala ikuluikulu ngati nyumba, pamene mbira zinali kuothera dzuwa, zikuwayang'ana ngati eni mudzi oyang'ana alendo osaitanidwa. Penapake panali thanthwe loterera, ndipo Levison, atakwera, anatembenuka n'kupereka dzanja kwa Vailet. Mtsikanayo analigwira.

"Nsapato zabwino," anatero.

Kuchokera pamenepo Levison sanamvenso kuti akukwera phiri. Ankangoyandama.

Atapitirira theka anapuma pamthunzi. Mphepo inali itadzuka tsopano, yotentha, yobwera mwamkokomo n'kusiya, n'kubweranso. Mwana wina analoza kumusi kuti, "Taonani kamvuluvulu!" Kutali m'minda youma kamzati ka fumbi kanali kuvina, kakunyamula zinyalala n'kukazimwaza kwina. Ana anaseka. Levison anamva kanthu kakumutsina pamtima, koma nthawi yomweyo Vailet anapempha madzi akumwa, ndipo kanthuko kanakhala chete.

Anafika pansonga dzuwa lili paliwombo. Ngakhale Alick anatseka pakamwa.

Dziko lonse linali litayalidwa pansi pawo ngati mphasa. Chigwa cha Kasungu chinangoti see, mbali zonse, mpaka kukasungunuka m'chifunga kumalekezero a maso. Minda inali zigamba zigamba, zofiira ndi zotuwa, ngati chitenje chosokedwa ndi munthu wosauka koma waluso. Madambo ankakhotakhota ali obiriwira pang'ono. Zigafa za fodya, zimene pansi zimaoneka zazitali, kuno zinali ngati timabokosi ta machesi. Malata a pa Boma ankathwanima, ndipo msewu watala unkadutsa ngati chingwe chakuda, magalimoto akukwawa pamenepo ngati nsabwe. Mphamba anali kuuluka, koma kunsi kwawo, moti ankamuona pamsana.

"Yayi, ana inu," anatero Madamu mwapansipansi, "dziko lanu ndi lokongola." Analoza kumadzulo kumene kunkaoneka mdima wa nkhalango ya nyama, nalozanso kum'mawa kumene mapiri a kutali ankaoneka ngati mitambo yogona pansi. Kenako anawalola kukhala pathanthwe kuti adye.

Panatuluka mbatata, mandasi, chinangwa, ndi thobwa la m'mabotolo. Levison anakhala atatambalala, miyendo ili kutsogolo kuti nsapato zioneke bwino. Zinaonekadi.

"Levi," anatero Vailet, "nsapato yako yakumanja yadya chiyani?"

Levison anapinda mwendo n'kuyang'ana kunsi kwake. Pakati pa mphira panali posungunuka, pokwinyika ngati chipsera, ndipo timakala takuda tinali titamatirira m'katimo. Anayang'ana yakumanzere. Inali bwinobwino.

Anaika pansi mbatata imene ankadya.

"Za ku Joni zimenezo," anaseka Alick. "Zamva kutentha kwa kuno zakomoka."

Levison anaimirira n'kuyang'ana kumene kunali kwawo. M'chigwamo munali mautsi ambiri, monga zimakhalira mwezi umenewu, wina apa wina apo. Ndi maso okha sakanadziwa kuti uti ndi uti.

Madamu anavula magalasi aja. "Aliyense apeze kwawo, kenako apatse mnzake. Manja awiri!"

Atafika kwa Levison, anawaika kumaso. Poyamba ankangoona mitengo ikugwedezeka. Kenako anapeza denga la tchalitchi, ndipo pansi pa mitengo ya pabwalo panali khamu la anthu, tiwanthu tating'onoting'ono. Anatsetsereka ndi maso mpaka kudambo. Pamene panali nazale panali pakuda, koma mdimawo unali utakula kuposa mabedi amene iye anawotcha. Kumphepete kwake kunali mzere wa utsi wachikasu, wotambalala, ukuyenda pang'onopang'ono m'udzu wa m'mbali mwa dambo. Unali usanafike m'munda. Chapatali ndithu, kumtunda, kunali nyumba yawo, ndipo kuseri kwake kadontho kozungulira. Nkhokwe.

Anthu a kutchalitchi sakanauona. Pakati panali mzere wa mitengo ya bulugamu, ndipo mphepo inkakankhira utsiwo kumbali ina.

"Wapeza?" anafunsa Madamu.

"Ndapeza."

"Patsa mnzako."

Anapatsa Vailet n'kukhala pansi. Mumtima mwake munayamba msonkhano waukulu kuposa wa makuponi. Mwina si moto wake. Mwina ndi ana osaka mbewa. Mwina ukafika pakanjira ka ng'ombe uzima wokha. Ndipo akanena, anene kuti chiyani? Pamaso pa Vailet, pamaso pa Alick amene nkhani akaigwira saitula mpaka teremu kutha? Iye, wa gulu la zachilengedwe?

"Levi, si kwanu kuja kukufuka?" anatero Vailet, magalasi ali kumaso.

"Ndi ana a mbewa amenewo," anatero Alick, m'kamwa muli ndasi.

"Eya," anatero Levison. "Ndi ana a mbewa."

Madamu anapukusa mutu. Anawasonkhanitsa n'kuyamba kuwawerengetsa mautsi a m'chigwamo, akufotokoza zimene moto wolusa umachita kunthaka ndi kumitengo yaing'ono. Analankhula nthawi ndithu, paja mphunzitsi akapeza bolodi lalikulu chotere salisiya msanga. Ana ankalemba. Levison anagwira pensulo, koma maso anali kumodzi. Tsopano ankatha kuuzindikira utsi wake pakati pa ena onse, monga mayi amazindikira kulira kwa mwana wake pachigulu. Unali kukula. Kenako unasintha mtundu, unada, n'kuimirira.

Ankadziwa chimene chimafuka motero. M'munda mwawo munali mutatsala mapesi ambiri ogonekedwa m'mizere, kuyambira kudambo mpaka kuseri kwa nyumba. Moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo uwu unali utapeza msewu.

Anakumbukira kukoma kwa chitsa cha nthochi. Kunabwera pakamwa pake penipeni, kowawa, konyerenyetsa.

"Madamu!"

Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ankafunira. Onse anatembenuka.

"Madamu, si ana a mbewa. Ndi ine. Ndinawotcha nazale m'mawa, ndachoka phulusa lisanazizire. Ukupita kunkhokwe ya mayi. Kumudzi kulibe munthu, onse ali kumakuponi."

Palibe anaseka. Madamu anatenga magalasi, nayang'ana kamodzi kokha, n'kupisa dzanja m'chikwama kutulutsa foni.

"Ndani ali ndi foni kumeneko? Msanga!"

"Malume, a Amosi."

A Amosi, mlongo wawo wa a Maliya, ankayenda ndi foni yawo itapachikidwa m'khosi ndi chingwe ngati belu la ng'ombe, ndipo nambala yake Levison ankaidziwa pamtima chifukwa bambo ake ankaimbira pomwepo. Pamwamba pa phiri netiweki inali yodzaza. Foni inaitana, n'kuitana, n'kuduka. Madamu anaimbanso n'kumupatsira.

"Halo! Ndani? Tili pamsonkhano!"

"Malume, ndine Levi. Moto! Moto wa panazale walowa m'munda, ukupita kunyumba!"

"Iwe uli kuti?"

"Kuphiri."

Kunamveka kupuma kumodzi kwakukulu, kenako mawu a malume akukuwa kutali ndi foni, kenako phokoso la anthu ambiri.

Madamu anamubwezera magalasi. Levison anaona khamu lija likuphulika pansi pa mitengo ngati nyerere zopondedwa. Anthu anatsikira kudambo, ena akuthyola nthambi chothamanga. Patsogolo pa onse, patsogolo ngakhale pa anyamata, panali kamunthu kamodzi ka mpango kumutu. Sanafunike kuuzidwa kuti ndi ndani.

Kuchokera pamwamba zonse zinkachitika mwakachetechete. Sikunkamveka kukuwa, sikunkamveka kuthetheka. Kunali mphepo yokha m'masamba ofiira aja, ndi nyenje. Anaona anthu akufika m'munda n'kuyamba kupuntha moto ndi nthambi. Anaona mbali ina ukugonja. Koma lilime limodzi linali litatsogola kale, ndipo pafupi ndi nkhokwe panali mitolo ya udzu wofolera imene mayi ake anamweta m'mwezi wa Julaye. Mitoloyo inayaka kamodzi n'kamodzi. Denga la nkhokwe linayamba kufuka.

Anaona amuna akulikankha dengalo ndi mitengo mpaka kugwera pansi. Anaona kamunthu ka mpango kaja kakulowa mu utsi, kakutuluka, kakulowanso.

Anatsitsa magalasi. Vailet anawalandira mosamala, ndipo sanayang'anemo.

"Tiyeni titsike," anatero Madamu. Levison anali atayamba kale kudumpha miyala, koma Madamu anamugwira phewa. "Yayi. Uyenda pambuyo panga. Ukathyoka mwendo pano, mayi ako alira ziwiri."

Kutsikako kunali kwakutali kuposa kukwera. Mitengo inali yokongola chimodzimodzi, mbira zinali pomwe paja, koma panalibe woloza chala. Penapake Alick anasendera pafupi n'kumupatsa botolo la thobwa lotsala. Levison anapukusa mutu. Alick anangoyenda pambali pake mpaka pansi.

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Munda wonse unali bii, ukufukabe apo ndi apo. Nyumba inapulumuka. Pamene panali nkhokwe panatsala miyala yake ndi mitengo yopserera, ndipo pabwalo panali milu iwiri ya chimanga. Mulu wina unali woyera. Wina, waukulupo, unali wakuda. Fungo linali la chimanga chootcha, fungo limene masiku onse limakondweretsa, ndipo tiana tosadziwa kanthu tinali kutolatola mbuliwuli m'phulusa. Amayi a m'mudzi anali atakhala mozungulira mulu wakudawo, akusankha chimene chingapite kuchigayo.

A Amosi anamuona ali patali. Malaya awo a kumsonkhano anali atabooka ndi nthethe za moto, nsidze zitawauka.

"Bwera kuno."

Levison anayandikira n'kugwada.

"Unachita bwino kuimba," anatero malume. "Tikanapeza ndi nyumba yomwe yapita. Koma tandiuza. Pamene unkaimba n'kuti utangouona?"

Bodza linali pafupi, lokonzeka, ndipo malume anali atalitsegulira okha chitseko. Levison anayang'ana mulu wakuda uja.

"Ayi, malume. Ndinauona usanalowe m'munda. Ndinachita manyazi."

A Amosi anakweza dzanja. Amayi osankha chimanga analeka. Dzanjalo linakhala m'mwamba kanthawi, kenako linatsika lokha n'kukagwira foni ya pachifuwa.

"Ukanaimba nthawi imeneyo, tikanauphera m'dambo momwemo," anatero ndi mawu otopa. "Manyazi ako ndi awo, aunjikidwa apowo. Pita ukaone mayi ako."

A Maliya anali pakhonde, atatsamira khoma. Anali atangobwera kumene kuchokera kuchipatala, kumene anawatengera panjinga. Manja onse awiri anali okulungidwa ndi nsalu zoyera mpaka m'zigongono, ndipo anawaimika m'mwamba ngati munthu wopemphera. Ndi manja amenewo anang'amba nsungwi zoyaka za nkhokwe n'kumakokera chimanga panja.

Levison anagwada patsogolo pawo.

"Unaponda?" anafunsa mayi ake.

"Ndinaponda nditavala nsapato."

A Maliya anatseka maso. Anakhala choncho nthawi yaitali, moti Levison analakalaka akanangomukalipira, kapena kuitana malume kuti amalize zimene anayamba.

"Choyeracho chitifikitsa pa Khirisimasi," anatero potsiriza, ngati akulankhula ndi khoma. "Chopsereracho tiyambe ndi chomwecho, chinunkhe utsi chinunkhe. Kuchokera Januwale, adziwa ndi Mulungu." Anatsegula maso. "Adokotala ati manja awa mwezi wathunthu osagwira khasu, osagwira kheni, osagwira ndi mtsuko womwe. Nazale ikafesedwa imafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Munda ukufuna mizere."

"Ndipanga ine, mayi."

"Ndi sukulu?"

"Ndizidzuka kusanache. Ndikaweruka ndizibwera molunjika."

"Tiona," anatero a Maliya. Sananene mwaukali, sananenenso motonthoza.

Mayi wina woyandikana nawo anabwera ndi kapu ya tiyi, naiika pamkeka, n'kubwerera kumulu kuja. A Maliya anali asanalawe kanthu chichokere m'mawa. Anawerama n'kuyesa kuipana kapuyo ndi mikono, koma nsalu zitangokhudza chitsulo anakoka mpweya m'mano n'kubwerera m'mbuyo. Anayesanso. Kapu inagwedezeka, tiyi pang'ono n'kutayikira pamkeka.

Levison anainyamula. Anaiyandikiza kukamwa kwa mayi ake.

A Maliya anabweza mutu pang'ono, namuyang'ana ndi diso limodzi.

"Pang'onopang'ono, bambo," anatero. "Kwa lero mwandiwotcha mokwanira."

Misozi imene Levison anaigwira kuyambira pansonga ya phiri inatsika pamenepo. Sanaipukute, chifukwa manja onse anali pakapu. Anauzira tiyiyo, nauziranso, nadikira. Kenako anaika mlomo wake pamkombero n'kulawa yekha. Anali akadali wotentha.

Anakhala pansi pambali pa mayi ake, kapu ili m'manja, n'kupitiriza kudikira.